Batire la Sola Likutha Kusanache? Yezani Kaye Musanagule Lina

Kulira kwa inveta pakati pa usiku, aliyense amene ali ndi sola muno mu Lusaka amakudziwa. Imayamba pang'onopang'ono, pii, pii, kenako n'kufulumiza, ndiye fani n'kuima, firiji n'kukhala chete, nyumba yonse bii. Ukayang'ana pafoni, 2 koloko. Ngati ndi mu Okutobala, malata amakhala akutulutsabe kutentha kwa masana, ndipo udzudzu sumachedwa kudziwa kuti mphepo yaleka. Kukacha, mawu amakhala omwewo nyumba iliyonse: "Anatigulitsa batire labodza."

Mabatire abodza alikodi m'tauni, ndipo ndinenapo za iwo. Koma m'nyumba zimene ndalowamo kukaona vutoli, kuyambira yanga ku Chilenje, ya alamu anga ku Matero ndi za anansi angapo, batire linali labwinobwino tsiku limene linagulidwa. Linafera m'nyumbamo, mwina chifukwa silinkadzaza, mwina chifukwa linkasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Munthu akathamangira kugula lina asanapeze chimene chinapha loyambalo, latsopanolo limatsata njira yomweyo, ndipo ndalama zimapita kawiri.

Ine sindine mmisiri wa zamagetsi. Ndinaphunzira zimenezi nditataya mabatire awiri, ndipo ndikufuna inu musataye anu.

Mmene anga anafera

Mukukumbukira 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi athu ambiri, oposa magawo 80 pa 100, amachokera ku madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, choncho madzi atachepa, malaiti nawo anachepa. Mu Malichi tinayamba ndi maola 8 opanda magetsi. Pofika Seputembala, ku Kariba North Bank, kumene kuli makina asanu ndi amodzi otha kupanga mamegawati 1,080, kunkazungulira makina amodzi okha, ndipo makomboni ambiri tinkaona malaiti maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pa usiku.

Mu Epulo chaka chimenecho ndinagula inveta ya 3kVA ndi mabatire awiri a gel a 12V 200Ah (Ah ndi maampu-awa, muyeso wa moto umene batire limasunga), opanda panelo ngakhale limodzi. Ndinkati azidzadzaza ndi magetsi a ZESCO. Miyezi yoyamba zinayenda. Koma taonani masamu amene sindinawachite. Usiku uliwonse tinkatapa m'mabatirewo maampu-awa pafupifupi 100. Chaja ya inveta yanga inkalowetsa maampu 20. Pa maola atatu, imeneyo ndi 60 basi. Tsiku lililonse tinkatapa 100 n'kubweza 60. Kuwonjezera apo, batire la lead, kaya la madzi kaya la gel, silimeza moto mothamanga mpaka kumapeto. Likafika cha kumtunda limafuna maola ena angapo akumwa pang'onopang'ono kuti lidzaze kwenikweni. Likamakhala masabata osadzaza, pazitsulo za mkati mwake pamauma zoyera zija amisiri amati sulphation, ndipo zikauma sizibwereranso. Pofika Okutobala, mabatire amene ankatifikitsa m'mawa ankangopirira maola awiri.

Mmisiri wina wachikulire amene anabwera kudzaona anangogwira mita yake, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, thanki yanu yamadzi ija ikamatha msanga mumayamba mwagula thanki ina?" Ndinati ayi, ndimayamba ndaona ngati pampu ikudzaza, kenako ngati pali mpopi wosatseka, kenako ngati thankiyo yabooka. "Ndi chimodzimodzi," anatero. Kuyambira pamenepo ndimafufuza motsatira mafunso atatu amenewo, ndipo mndandanda wake ndi wofunika. Mukayambira kumapeto mudzaweruza batire losalakwa.

Funso loyamba: kodi likudzaza n'komwe?

Musadikire usiku. Pitani pa inveta cha m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo, tsiku limene dzuwa lawala bwino. Pa nthawi imeneyo batire liyenera kukhala litadzaza kale. Ngati ndi la lead la 12V, masana liyenera kukwera kufika cha pa 14.4V, kukhala pamenepo kwa kanthawi, kenako n'kutsikira cha pa 13.6V kapena 13.8V, pamene ma inveta ambiri amalemba kuti float. Pa dongosolo la 24V manambalawa muwawirikize kawiri, pa 48V kanayi. Ngati dzuwa likulowa chikhalirecho simunaone float, batire lanu likugona ndi njala tsiku lililonse.

Timizere tinayi tija ta chithunzi cha batire pa inveta musatikhulupirire kwambiri. Timatengera mavolti a nthawi imeneyo, ndipo batire likamachajidwa mavolti amakwera ngakhale mkati muli theka. Kuti mudziwe zoona za batire la lead, lichotseni ku chaja ndi ku katundu yense, lipume ola limodzi kapena awiri, kenako muyeze ndi multimeter, kachipangizo ka m'manja koyezera mavolti. Likaonetsa 12.7V ladzaza. Likaonetsa 12.2V lili pa theka. Likatsika kupitirira 12.0V latsala pang'ono kuuma. Multimeter si yodula, ndipo pa zida zonse za sola zimene ndinagulapo, ndi imene yandipulumutsira ndalama zambiri.

Mukapeza kuti silikudzaza, kwerani pamwamba, kapena tumani wodziwa kuyenda padenga. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Lusaka limakhala pagalasi ngati ufa, makamaka kwa ife okhala pafupi ndi misewu yopanda tala. Pitirizani chala pa panelo. Chikasiya mzere, tsukani. Madzi oyera ndi nsalu yofewa n'zokwanira, ndipo chitani zimenezi m'mamawa galasi lisanatenthe, chifukwa madzi ozizira pagalasi lotentha amatha kuliswa. Zitosi za nkhunda n'zoipa kuposa fumbi, chifukwa zimaphimbiratu malo amodzi.

Mthunzi ndiye mbala yosaoneka. Mapanelo ambiri amalumikizidwa mondondozana, moti limodzi likaphimbidwa pakona, mzere wonse umafooka. Lusaka ali pa madigiri 15 kumwera kwa equator, choncho mapanelo ayenera kuyang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono, madigiri 15 mpaka 20. Mu Novembala ndi mu Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, koma mu Juni ndi Julayi limatsikira kumpoto, ndipo mithunzi imatalika kulowera kumwera. N'chifukwa chake mapanelo oikidwa mu Disembala pamalo ooneka oyera amapezeka mu Juni ataphimbidwa ndi mthunzi wa thanki yamadzi, mtengo wa mapeyala kapena mbale ya TV. Kwa alamu anga inali nthambi imodzi ya mango. Ndinaima nawo pabwalo 10 koloko m'mawa n'kuwaonetsa mthunzi wake utagona pa panelo la kumapeto. "Alamu, kanthambi kameneka?" anafunsa. Titadula, maampu pa inveta anakwera tikuona.

Ngati galasi ndi loyera, mthunzi palibe, koma moto ukuchepabe, werengani mapanelo. Panelo lolembedwa 550W silipereka 550W tsiku lonse. Nambala imeneyo imayezedwa panelo lili pa madigiri 25, pomwe padenga la malata mu Okutobala limatentha kuposa pamenepo kutali, ndipo likatentha mphamvu imatsika. Mukachotsa zotayika pa kutentha, fumbi ndi mawaya, kuno kwathu panelo lotere limapereka mayuniti awiri kapena awiri ndi theka patsiku la dzuwa labwino. Yuniti yake ndi yomwe ija timagula pa mita, mawati 1,000 kwa ola limodzi. Mu Januwale, mitambo ikatseka masiku atatu, mungapeze gawo limodzi mwa magawo anayi a zimenezo, mwinanso osafika. Musaiwalenso kuti firiji, TV ndi pampu zikamayaka masana zimadya moto womwewo batire lisanalandire. Mapanelo otalikirako pang'ono ndi malata, mphepo n'kumadutsa pansi, amagwira bwino kuposa omatidwa pamalata penipeni.

Pali vuto lina limene ndaliona kawiri, ndipo limandipweteka chifukwa munthu amakhala atagula panelo labwino. Amatenga panelo lalikulu la 550W n'kulilumikiza ku batire la 12V kudzera pa kontorola yotchipa ya mtundu wa PWM, kabokosi koyendetsa moto wa panelo polowa m'batire. Panelo limenelo limagwira ntchito cha pa 41V ndi maampu 13. Kontorola ya PWM siitha kusandutsa mavolti otsalawo kukhala maampu. Imangokokera panelo pansi kuti lifanane ndi batire. Ndiye maampu 13 kuchulukitsa ndi 14V, mukupeza mawati 180 okha pa panelo limene munalipira 550. Kontorola ya mtundu wina, ya MPPT, ndi imene imatenga mphamvu yonseyo. Koma samalani, pali tizikontorola tina topepuka ngati bokosi la machesi tolembedwa MPPT kunja, mkati muli PWM. Yeniyeni imakhala yolemera, ndipo imaonetsa mavolti a panelo okwera kuposa a batire pamene ikuchaja.

Chomaliza pambali imeneyi ndi makonzedwe a mu inveta. Ambiri amaisiya momwe inachokera kusitolo. Onani ngati mtundu wa batire wasankhidwa molondola, gel, lithium kapena la madzi, komanso maampu ochajira. Batire la lead limafuna maampu okwana gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a kukula kwake, ndiye kuti 20A mpaka 40A pa 200Ah. Manambala enieni ali papepala la batire lanu. Ngati pepalalo mulibe, kalifunseni kumene munagula. Safunsa anadya phula.

Funso lachiwiri: likudzaza, nanga akulitapa ndani?

Apa ndi pamene pamabuka mikangano m'nyumba, chifukwa aliyense amati iye sayatsa kanthu. Tengani kope ndi cholembera.

Yambani ndi kukula kwa thanki. Mavolti kuchulukitsa ndi maampu-awa. Mabatire awiri a 12V 200Ah ndi 24 kuchulukitsa ndi 200, kupeza 4,800Wh, mayuniti 4.8. Koma batire la lead simuyenera kulitapa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Anu enieni ndi 2,400Wh. Wogulitsa amatchula 4.8, inu mumakhala ndi 2.4, ndipo inveta nayo imatayapo gawo limodzi mwa khumi posandutsa moto.

Tsopano lembani chilichonse choyaka kuyambira dzuwa kulowa mpaka kutuluka. Ndikupatseni za nyumba yanga momwe zinalili. Firiji usiku wonse, pafupifupi 700Wh, ndipo nyengo yotentha imaposa. TV ndi dikoda, mawati 100 kwa maola asanu, 500Wh. Mababu asanu ndi limodzi a mawati 9 kwa maola asanu, 270Wh. Magetsi awiri apanja a mawati 20 kwa maola 11, 440Wh. Fani ya mawati 50 kwa maola 8, 400Wh. Kabokosi ka intaneti, 130Wh. Ndipo chimene palibe amachiwerengera, inveta yeniyeniyo. Ngakhale muzimitse chilichonse, iyo imadya kuti ikhale maso. Yanga imadya mawati 30, zikuluzikulu zimaposa, ndipo pa maola 13 imeneyo ndi 390Wh. Zonse pamodzi, 2,830Wh. Thanki yanga inali 2,400. Palibe amene anandibera, masamu okha anali kukana.

Nditaona manambalawo papepala, zochita zinaoneka zokha. Magetsi apanja ndinaika aja okhala ndi kapanelo kawokawo, oyaka munthu akadutsa. Firiji ndinaisuntha pakhoma kuti mphepo izidutsa kumbuyo, n'kusintha labala ya pachitseko imene inali itatha. Kuti muone ngati yanu yatha, tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, firiji yanu ikuziziritsa khitchini yonse. Amene muli ndi firiji yogona ija, yachivundikiro pamwamba, muziiyatsa masana dzuwa lili pamutu kuti iumitse zinthu gwa, mutaikamo mabotolo amadzi, ndipo usiku izipuma. Ikakhala yodzaza ndi yosatsegulidwa, imasunga kuzizira mpaka m'mawa.

Ndiye pali zilombo zikuluzikulu, zonse zotenthetsa. Giza imadya mawati 2,000 mpaka 3,000. Ola limodzi lokha, batire ngati langa latha. Nyumba zambiri zimene inveta inalumikizidwa ku bokosi lonse la magetsi, giza imakhala idakali pamzere, ndipo imadziyatsa yokha usiku madzi akazizira, anthu ali mtulo. Ngati batire lanu limagwa mwadzidzidzi pa nthawi yofanana usiku uliwonse, yambani mwazimitsa swichi ya giza pabokosi n'kuona. Chokhalitsa n'chakuti mmisiri agawe bokosi pawiri, giza ndi sitovu zikhale kumbali ya ZESCO yokha, mababu, firiji ndi masoketi ochepa zikhale kumbali ya inveta.

Ketulo ndi nsimbi nkhani yake ndi ina pang'ono. Ketulo ya mawati 2,000 ikayaka mphindi zisanu siidya mayuniti ambiri, koma pa 24V imakoka maampu oposa 80 nthawi imodzi. Batire lotopa limagwada pomwepo, mavolti n'kutsika, inveta n'kuganiza kuti latha. Mukazimitsa ketuloyo mavolti amakweranso. Zoterezi muzichita pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, mapanelo akuthandiza. Kusita, kuchapa ndi makina, kupopa madzi, zonse masana. Nsima ya madzulo iphikidwe pa gasi kapena pambaula.

Pampu ya borehole imasokoneza anthu ambiri ku Chalala, ku Chelstone ndi konse kumene madzi ndi a pachitsime. Yolembedwa 0.75kW imaoneka yaing'ono pa inveta ya 3kVA, koma poyamba kuzungulira imakoka katatu kapena kasanu kuposa pamenepo kwa kamphindi. Ikakumana ndi firiji nayo ikuyamba, inveta imalemba overload n'kuthima. Limeneli si vuto la batire kutha. Yatsani pampu payokha, masana, ndipo ngati ikugwetsabe, funsani za soft starter, kachipangizo koyambitsa pampu pang'onopang'ono, musanaganize zogula inveta yaikulu.

Gwirani mawaya

Izi n'zachidule koma musazidumphe. Katundu akuyaka kwa theka la ola, gwirani mawaya a batire, pa pulasitiki wake, pafupi ndi pomangira. Akafunda kwambiri, ndi opyapyala kapena ndi omasuka. Mawati 1,000 pa 12V ndi maampu oposa 80, pa 48V ndi 21 okha, n'chifukwa chake madongosolo a 12V amafuna mawaya onenepa ngati chala, 25 kapena 35mm², komanso aafupi. Bauti yomasuka kapena yochita dzimbiri lobiriwira imadya mavolti panjira, inveta n'kumaona batire lodzaza ngati lakutha. Thimitsani zonse, tsukani, mangani. Sipanala yanu isakhudze mitu iwiri ya batire nthawi imodzi, ndipo vulani mphete ndi wotchi. Padenga, onani timapulagi ta MC4, tolumikizira mawaya a mapanelo. Kamene kasungunuka kapena kada n'koyenera kusintha tsiku lomwelo, chifukwa moto wa padenga umayambira pamenepo.

Funso lachitatu: kodi thanki yabooka?

Mukatsimikiza kuti likudzaza ndipo katundu ali m'malire, tsopano mutha kulikayikira batire. Lidzazeni bwinobwino, dzuwa likalowa yatsani katundu amene mukumudziwa, tinene mawati 300, n'kuyang'ana wotchi. Mabatire awiri a 200Ah athanzi ayenera kupirira maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri asanafike pa theka. Akagwa pa ola limodzi kapena awiri, atha. Chizindikiro china cha batire lakufa n'chakuti limadzaza msanga modabwitsa. 9 koloko m'mawa lalemba kale kuti ladzaza, ndipo madzulo limathanso msanga chimodzimodzi. Lasanduka kapu, silinso ndowa.

Yezani batire lililonse palokha katundu akuyaka. Kawirikawiri mumapeza limodzi lili pa 12.3V, linzake pa 10.5V. Lofookalo ndi limene likugwetsa onse. Apa mtima umafuna kugula limodzi latsopano n'kuliphatikiza ndi lakale. Musatero. Lakale limakoka latsopano, ndipo pa miyezi yochepa onse amafanana kufooka. Mabatire a mzere umodzi akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, msinkhu umodzi. Batire la galimoto nalo si la ntchito imeneyi. Linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa, osati kutapidwa usiku wonse.

Kutentha kumapha mabatire mwakachetechete. La lead limakonda madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa apo, moyo wake umadulidwa pakati. Ndaonapo mabatire atatsekeredwa m'kabokosi kachitsulo pakhonde loyang'ana kumadzulo, poopa akuba. Kuopa akuba n'komveka, koma m'kabokosi kameneko mu Okutobala muli ngati mu uvuni. Apezereni malo ozizira, odutsa mphepo. A madzi aja amatulutsa mpweya woyaka pochajidwa, choncho asakhale m'chipinda chogona kapena pafupi ndi mbaula, ndipo muziwathira madzi a batire okha, osati a pampopi. Batire lotupa m'mbali kapena lonunkha ngati mazira owola lichotsedwe nthawi yomweyo.

Za abodza aja, sikelo siinama. Mphamvu ya batire la lead ili mu chitsulo cholemera cha mkati mwake. La 100Ah lenileni limalemera makilogalamu 30 kapena kuyandikira, la 200Ah cha m'ma 60. Ngati mwana wa sukulu akulinyamula ndi dzanja limodzi koma palembedwa 200Ah, siyani. Mapanelo nawonso kukula kwake kumaulula. La 550W ndi lalitali kuposa chitseko cha nyumba, mamita awiri ndi kanthu m'litali, mita imodzi ndi kanthu m'lifupi. Kapanelo kokwana pakhwapa sikangakhale 500W ngakhale chomata chake chinene chotani.

Amene muli ndi lithium, mavuto anu ndi osiyana. Mavolti ake sasintha kwenikweni kuyambira lodzaza mpaka lotsala pang'ono, choncho multimeter siikuuzani zambiri. Mkati mwake muli kakompyuta koteteza, BMS, kamene kamadula moto kakaona kuti mwatapa kwambiri kapena mwakoka maampu oposa malire. Likathima zii ngati lafa, kawirikawiri langodzitseka, ndipo limadzuka likalandira moto wa chaja kapena mukadina batani lake. Ngati peresenti ikudumpha, tinene kuchoka pa 40 kufika pa 5 mwadzidzidzi, lisiyeni lidzaze mpaka 100 kuti liwerengenso bwino, ndipo onani ngati waya wolankhulitsa batire ndi inveta walumikizidwa ndipo mtundu wake wasankhidwa molondola.

Nkhani ya ndalama

Mitengo ya zida zimenezi imayenda ndi dola, choncho imene mumve lero pa Cha Cha Cha Road kapena ku Kamwala mwezi wamawa yasintha. Chimene sichisintha ndi kawerengedwe. Musafunse kuti batire ndi zingati basi. Funsani kuti lidzakupatsani mayuniti angati pa moyo wake wonse. La lead la 12V 100Ah limakupatsani 0.6 ya yuniti usiku umodzi, ndipo likasamalidwa lingachite zimenezi maulendo 500 kapena kuposerapo pang'ono. Amenewo ndi mayuniti 300. La lithium la mtundu wa LiFePO4 la 12.8V 100Ah mungalitape magawo 80 pa 100, pafupifupi yuniti imodzi, ndipo opanga ambiri amalemba maulendo 3,000 kupita m'tsogolo. Amenewo ndi mayuniti 3,000. Tengani mtengo umene akuuzani, mugawe ndi manambala amenewa. Ngakhale lithium likhale lodula katatu, yuniti yake imatsika mtengo kutali. Limamezanso moto msanga ndipo silivulala likakhala losadzaza, ndiye lija vuto la maola atatu silimalipha.

Ndikudziwa kuti si aliyense angatulutse ndalama ya lithium nthawi imodzi, ndipo sindikunyoza amene akugwiritsa gel. Koma ngati ndalama ndi yochepa ndipo batire lanu likadali ndi moyo, maganizo anga ndi akuti muyambe mwawonjezera panelo, osati batire. Panelo ndiye chinthu chotchipa kwambiri pa mphamvu imene limapereka, ndipo limakhala zaka 20 kapena 25. Kuwonjezera mabatire pa mapanelo osakwanira kuli ngati kumanga nkhokwe yachiwiri munda uli womwewo. Nyumba yanga imafuna mayuniti pafupifupi atatu usiku ndi limodzi ndi theka masana. Mapanelo awiri a 550W amene ndinagula pambuyo pake ankangokwanira ndendende tsiku la dzuwa, n'kulephera tsiku la mitambo. Lachitatu ndi limene linathetsa kulira kwa usiku. Musanawonjezere, werengani pambali pa inveta mavolti ndi maampu a mapanelo amene imalola, chifukwa mukapitirira malire a mavolti imapsa.

Ndinenenso chilungamo ichi: moto wodutsa m'batire ndi wodula kuposa wa pa mita, mukawerengera kutha kwa batirelo. Wotchipa ndi wa dzuwa wogwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo. Ngakhale minda ikuluikulu ya sola, ya Bangweulu ya mamegawati 54 ndi ya Ngonye ya mamegawati 34 ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, komanso ya ku Chisamba ya mamegawati 100 imene inatsegulidwa mu 2025, ntchito yake ndi ya masana, kuti madzi a m'madamu asungikire usiku. Panyumba nzeru yake ndi yomweyo. Kuyambira 2024 kuli malamulo a net metering, olola amene ali ndi moto wotsala kuubwezera ku mawaya a ZESCO, koma zimenezi zimafuna kulembetsa, mita yake ndi inveta yovomerezeka. Dziwaninso kuti dongosolo lopanda batire lolumikizidwa ku mawaya a dziko limathima malaiti akapita, ngakhale dzuwa lili phwee. Linapangidwa choncho dala kuti lisaphe amisiri okonza mawaya.

Pamene muyenera kuitana mmisiri

Kutsuka mapanelo, kuwerenga manambala, kuyeza batire ndi kulemba katundu mungachite nokha. Koma bokosi la magetsi a nyumba ndi mawaya ochokera padenga musawagwire. Mapanelo olumikizidwa mondondozana amatha kufika mavolti mazana angapo dzuwa likawala, ndipo alibe pozimitsira pokhapokha wina anaikapo swichi. Kulowetsa moto wa inveta m'nyumba kudzera pa soketi ndi waya wa mapulagi awiri ndi koopsa kwambiri. Ana akadzafuula panja kuti "malaiti yabwela", inveta imapsa, ndipo malaiti asanabwere moto wanu umakhala ukubwerera kumtengo wa magetsi kumene wina angakhale akugwira ntchito. Pamafunika changeover, swichi yosankha pakati pa moto wa ZESCO ndi wa inveta, yoikidwa bwino.

Mmisiri akabwera, muuzeni akuonetseni ndi chala zinthu izi: fyuzi kapena breaker ya DC pakati pa batire ndi inveta, swichi yodulira mapanelo, choteteza ku mphezi, ndi waya wa earth wofika pa chitsulo chokhomedwa pansi. Mvula yoyamba ya Novembala imabwera ndi ziphaliwali, ndipo ma inveta ambiri amapsa nyengo imeneyo. Akulembereni papepala makonzedwe onse amene waika mu inveta, ndipo risiti ya batire ikhale ndi nambala yake ndi zaka za chitsimikizo.

Musanamuimbire foni, lembani kwa masiku atatu manambala a batire pa nthawi zinayi: 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana, 4 koloko madzulo ndi pogona, pamodzi ndi zimene zinali kuyaka komanso ngati kunali mitambo. Ngati inveta yalemba nambala ya vuto, ijambuleni ndi foni musanaithimitse, chifukwa mukaiyatsanso imafufutika. Alamu anga anachita zimenezi atabweranso ndi dandaulo mu Julayi. Pakope pawo, 4 koloko madzulo batire linali lodzaza masiku onse atatu, koma pofika 5 koloko m'mawa linali litagwa. Titafunsa m'nyumba, tinapeza kuti agogo ankayatsa kahita ka mawati 800 m'chipinda mwawo kukazizira m'bandakucha. Tinawagulira bulangeti lina lolemera ndi botolo la madzi otentha, ndipo soketi ya m'chipindamo mmisiri anaisamutsira kumbali ya ZESCO.